Mfuti Yosamveka Kukomboni

Ana anga, za ubwana wanga ku Dedza ndinakuuzani pakamwa mpaka munatopa nazo, ndiye pano sindizilemba. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa m'kati mwa ntchitomo muli nkhani imodzi imene malemu mayi anu ankaidziwa koma inu ndinakubisirani. Ndakalamba tsopano, mukapeza zilembo zokhota musandiseke.

1954, Mhangura

Ndinalowa m'dziko lino pa lole ya boma yonyamula anthu ulere, Chitaganya chitangoyamba kumene. Ankatiuza kuti tsopano Nyasaland ndi Rhodesia ndi nyumba imodzi, koma pamalire anativula malaya, n'kutipima zifuwa, n'kutipatsa chitupa cholembedwa kuti ndife alendo. Ntchito yanga yoyamba inali pa pulazi ya fodya kufupi ndi Mhangura, yosonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya. Mzungu wapamenepo tinkamutcha Bwana Mbama, ndipo dzinalo silifuna kulifotokoza. Poso wathu anali ufa wa mgaiwa, mchere ndi nyemba zofumbwa moti ukaziviika anankafumbwe ankayandama pamwamba. Koma chimene chinandithawitsa si njala kapena mbama ayi, chinali utsi. Pofika chaka chachiwiri ndinkatsokomola zakuda, ndipo mnzanga amene tinkasinthana naye pa balani, Mlomwe wa ku Mulanje, tinamuika m'manda kuseri kwa komboni ali ndi chifuwa chonga changacho. Kuyambira pamenepo ndinkaopa balani kuposa njoka, ndipo mantha amenewo muwakumbukire chifukwa ndi amene anandipusitsa patsogolo pake.

1956, Macheke

Ku Macheke ananditengera ndi Che Saidi, Myao wa ku Zomba, telala amene ankasoka maovolosi a antchito pakhonde la sitolo ya pa pulazi. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri, wosamwa mowa, wolankhula pang'onopang'ono ali ndi singano pakamwa. Ndi iwo anandilankhulira kwa dona kuti pali mnyamata wodziwa kulima dimba. Sanali kunama, ife a ku Dedza dimba timabadwa nalo.

Kunena zoona ntchito imeneyo ndinaikonda. Munda wa ndiwo unali kumunsi kwa nyumba ya azungu, pansi pa kaphiri ka miyala ikuluikulu. Munali kabichi, matimati, anyezi, chimanga chodya chachiwisi, ndi mitengo ya mapichesi m'mbali mwa waya. Bwana tinkamutcha Kapaipi chifukwa paipi sinkachoka pakamwa pake. Sanali womenya, koma akanena chinthu kamodzi sankabwereza. Wam'munda ankapatsidwa chipinda cha njerwa m'mphepete mwa komboni ndi masamba otsala, ndipo chifuwa changa chinapola m'miyezi yochepa.

Kumeneko ndi kumene ndinaonana ndi Sekai. Dzinali simunalimvepo, ndikudziwa. Anali mkazi wanga woyamba, mayi anu ndisanawadziwe. Ankabwera ndi amayi anzake kuchokera ku ruzeva, kumidzi ya Ashona cha ku Murewa, kudzagwira mgwazo wosankha fodya. Anali wamfupi, woyenda mwachangu, ndipo ankandiseka kuti Chishona changa chimamveka ngati ndili ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ine ndinkamubwezera kuti Chichewa chake n'cha mwana wongoyamba kulankhula. Tinasekana choncho mpaka tinakondana.

1957, kwa apongozi

Bambo ake sankandifuna. Kwa iwo ndinali mubhurandaya, munthu wopanda mudzi, amene tsiku lina adzakwera sitima n'kusiya mwana wawo ndi ana opanda kwawo. Che Saidi ndi amene anali munyai wanga, ndiye kuti wondilankhulira kuchikazi, ndipo anayenda maulendo anayi pa njinga asanatilole kulowa m'nyumba. Tsiku lomwe anavomera, zonse za malowolo zitatha, mkuluyo anandiyang'ana nthawi yaitali n'kulankhula, Che Saidi akunditanthauzira kuti pasakhale mawu onditayika.

"Mukuwasha, mkamwini wanga, ife mutupo wathu, nyama yopatulika ya mtundu wathu, ndi Soko, ndiye kuti pusi. Pusi ndi nyani kwa ife si nyama, ndi ife tomwe. Ndamva kuti kwanu mumadya. Zimene munadya kale sindikufunsani. Koma mwana wanga asadzagone m'nyumba ya munthu wopha mutupo wake."

Ndinaomba m'manja monga amachitira akamwini kumeneko, n'kulonjeza pamaso pa abale onse, Sekai atakhala pakhomo akumva. Ndinalonjeza mosavuta, m'mtima ndikuseka kuti nkhalambayi yandipempha chinthu chotchipa. Ine wolima kabichi, pusi ndidzamupheranji?

Chaka chimenecho chinali chokoma kuposa zonse zimene ndinakhala pa pulazi. Sekai anazira chipinda chathu, anadzala dzungu kuseri, ndipo anthu a m'komboni anasiya kundiitana dzina langa lokha n'kuyamba kunena kuti kwa aMwale.

1958, chilala

Mvula ya chaka chotsatira inadula msanga. Kuthengo zipatso zinasowa, madambo anauma, ndipo munda wanga wothirira unatsala wokhawokha wobiriwira m'dera lonselo. Apusi anatsika m'kaphiri muja. Poyamba ankabwera asanu kapena asanu ndi mmodzi, kenaka gulu lonse, aakazi atabereka ana kumimba. Ndipo pusi sadya ngati munthu wanjala, amaluma tomato kamodzi n'kutaya, n'kuthyola wina. Ndinayesa zonse. Ndinamangirira zitini pa waya, ndinaimika zidole zovala malaya akale a bwana, ndinawagenda ndi legeni mpaka phewa linatupa. Zidolezo anazizolowera m'masiku awiri, wina ndinamupeza atakhala paphewa pa chidole akudya chimanga changa. Ukapita kukatsegula madzi kumtunda, iwo alowa kumunsi.

Dona anayamba kudandaula kuti patebulo palibe masamba, ndipo mapichesi ake ophikira jamu atha asanapse. Tsiku lina m'mawa Kapaipi anandiitanitsa kukhonde. Patebulo panali mfuti ziwiri. Ina inali ya zipolopolo zenizeni zing'onozing'ono, imene azungu ankaitcha tutu. Inayo inali ya mpweya, yothyola pakati, yoponya timitovu tonga njere za mapira, imene mwini wake ankawombera nayo nkhunda. Anandiuza kuti apusi aja awafuna atatha, ndipo aliyense amene ndapha ndizibweretsa mchira kuti aone. Anati tutu ndiyo imapha bwino, ndipo kalata yondilola kuigwira akaitenga yekha kwa mudzviti, bwanamkubwa wa boma wa deralo. Ya mpweyayo anati ndi yofooka, koma dona amaikonda chifukwa siisokosa. Ndiye popeza wowombera ndi ine, ndisankhe ndekha.

Ndinayesa kumuuza, m'Chilapalapa chathu chija cha pa ntchito, kuti mkazi wanga ndi wa mtundu wosapha pusi. Anachotsa paipi pakamwa n'kundiyankha kuti sanalembe ntchito mkazi wanga. Ngati mfuti ikundilemera, ku mabalani kukusowa anthu, ndipo chipinda cha njerwa achipereka kwa amene angaigwire. Anandipatsa tsiku limodzi.

Nthawi imeneyo Sekai anali ndi pakati pa miyezi inayi.

Ndinapita kwa Che Saidi masana omwewo. Anandimvetsera makina ataima, kenaka anati nkhaniyi si yovuta monga ndikuionera. Ndipite ndikamuuze mkazi wanga zonse, iye akauze bambo ake, mwina pali mwambo wopepesera, popeza ntchito ndi ya mzungu osati yanga. Zikakanika, mapulazi ndi ambiri. Ndinawayankha mwaukali kuti iwo amalankhula choncho chifukwa makina ndi awo, akhoza kuwanyamula pa njinga n'kupita kulikonse, pamene ine ndikachoka pano ndi chitupa cholembedwa kuti ndinakana ntchito, kondilandira ndi ku balani kokha. Sanakwiye. Anangoti, "Mwale, ine ndinakhalapo pamene unkalonjeza. Usandichititse manyazi." Anapitiriza kusoka.

Tsono mvetsetsani mmene ndinaganizira, chifukwa apa ndi pamene pali tchimo langa. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti tutu ndiyo mfuti yoyenera. Imapha kamodzi, nyama siivutika, ndipo kulira kwake kokha kukanathamangitsa gulu lonse masiku angapo, mwina ndikanapha awiri kapena atatu basi. Koma tutu ikalira kumunda inkamveka mpaka kukomboni, ndipo mwana aliyense pa pulazi ankadziwa kuti tutu sawombera mpheta. Ya mpweya inkangoti fu, munthu ali kuseri kwa mitengo ya mapichesi osamva kanthu. Ndiponso wondiona nditainyamula akanati ndi ya mbalame. Sindinasankhe mfuti yoti iphe bwino, kapena yoti dona agone masana. Ndinasankha yoti Sekai asamve.

M'mawa mwake ndinaloza ya mpweya. Kapaipi anagwedeza mutu n'kunena kuti ndidzavutika nayo, koma anandipatsa pamodzi ndi kachitini ka timitovu. Kunyumba ndinanena kuti bwana wandipatsa kamfuti kowombera apumbwa amene akujompha matimati. Sekai anaseka, n'kundiuza kuti ndizibwera nawo apumbwawo chifukwa mwana wam'mimba akufuna nyama. Ndipo ndinkabwera nawodi, awiri kapena atatu madzulo alionse, kuti bodza langa likhale ndi nthenga.

Zimene ndinkachita m'mundamo miyezi itatu yotsatira sindinauzepo munthu kupatula mayi anu. Kamtovu kaja sikapha pusi pokhapokha umulase m'mutu ali pafupi. Ndinkabisala m'chimanga kuyambira m'mamawa, miyendo itachita dzanzi, kudikira kuti afike poti ndikhoza kuona maso ake. Ambiri sankafa. Ankagwa, n'kumakwawa akulira, ndipo ndinkawamaliza ndi mpini wa khasu. Pusi ukamuimikira mpini amaphimba nkhope ndi manja onse awiri. Michira ndinkapereka kwa bwana, mitembo ndinkakwirira m'dzenje la manyowa, n'kusamba m'ngalande ndisanapite kunyumba. Popeza mfutiyo sinkawaopsa, anzawo ankabweranso tsiku lomwelo, ndiye ndinapha ambiri kuposa amene ndikanapha ndi tutu. Ena ankathawa ndi mtovu m'thupi kukafera kumiyala. Chakudya chinasiya kundikomera. Sekai ankandifunsa ngati chifuwa chija chayambiranso, ine n'kumati ndi kutopa chabe.

Che Saidi anasiya kundiitana kuti tidzamwe tiyi. Tikakumana ankandipatsa moni wabwinobwino, koma osandiyang'ana kumaso.

Tsiku lina ndinalasa pusi wamkazi amene anali ndi mwana kumimba. Ndinafuna mutu, koma anatembenuka, mtovu n'kulowa m'diso. Analumpha waya n'kuthawa, osati kukaphiri koma kumunsi, kudambo. Ndinamufunafuna mpaka dzuwa kupendeka, osamupeza. Patapita masiku awiri, amayi a m'komboni popita kukatunga madzi m'mawa anamupeza pachitsime. Anali atakhala m'matope, nkhope yotupa mbali imodzi, ntchentche zili ng'waa, akulephera ngakhale kuthawa, kamwana kakuyamwabe. Mayi wina wa ku Tete anamumaliza ndi mwala pomumvera chisoni, ndipo pomutembenuza anaona kabowo kaja. Pa pulazi yonse munthu wakuda wonyamula mfuti anali mmodzi. Sekai anali pomwepo, ndowa ili m'manja.

Nditabwera masana ndinapeza ndowa ili pakhomo yopanda madzi, iye atakhala pamphasa, miyendo atatambasula. Sanalire, sanakweze mawu. Anandifunsa m'Chichewa, chimene ankachilankhula akafuna kuti ndimve bwinobwino.

"AMwale, ndi angati?"

Ndinati ndi mmodzi yemweyo, ndipo ndinkafuna mbalame. Anandiyang'ana osaphethira mpaka ndinaweramitsa mutu. Ndipamene ndinanena kuti sindinawerenge, koma ndi ambiri, kuyambira mwezi uja ndinabwera ndi mfuti. Ndinafotokoza za balani, za chipinda, za mwana amene akubwera. Anamvetsera zonse, kenaka anadzuka movutikira, n'kutenga ndowa kubwerera kuchitsime.

Masabata atatu otsatira anandiphikira, anandichapira, anandiyankha ndikamufunsa kanthu. Koma kundiseka kuja kunatha, ndipo apumbwa ndikabwera nawo ankapatsa ana a pakhomo loyandikana nalo. Ine kupusa kwanga ndinkati mtima wake ukutsika. Ndipo mfuti sindinaisiye, ndisakunamizeni. M'mawa uliwonse ndinkapita nayo kumunda.

Kwa Ashona mkazi wa mimba yoyamba amakachirira kwa makolo ake, ndipo mwamuna amamuperekeza ndi mbuzi. Mwambowo amautcha masungiro. Nthawi itakwana ndinagula mbuzi ziwiri, n'kumuperekeza monga mwa mwambo. Kumeneko Sekai sanatchule za apusi, ndipo apongozi anandilandira bwino. Pobwerera ndinkaimba mluzu panjira, ndikuti nkhani yatha.

1959, ku ruzeva

Uthenga unafika kuti kwabadwa mwana wamwamuna. Ndinapempha masiku atatu, ndinagula nsalu, sopo ndi shuga, ndipo Che Saidi anavomera kundiperekeza ngakhale ndinachita kuwagwira mwendo. Titafika ndinaona kuti nkhani ija yadziwika, chifukwa anatikhazika panja nthawi yaitali asanatilowetse. Mwana anandipatsa kuti ndimunyamule. Anali ndi mphumi yangayi, imene enanu munatengera.

Apongozi aamuna analankhula mosabisa. Anati ndinalakwa kwambiri, ndinanyoza iwo ndi makolo awo. Koma anati iwonso anagwirapo ntchito kwa mzungu, akudziwa kuti wantchito sakana mfuti imene waigwiritsidwa. Ndipereke mbuzi imodzi, afulule mowa, auze makolo awo kuti mlendo analakwa posadziwa kulemera kwake, kenaka nditenge mkazi wanga ndi mwana. Mtima wanga unadzaza ndi chimwemwe. Ndinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa, ndipo Che Saidi kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri anandiyang'ana kumaso.

Ndiye anaitana Sekai kuti amve chigamulo. Analowa, n'kugwada pafupi ndi mayi ake, mwana ali kumsana. Bambo ake atamaliza, iye anati sabwerera. Anamukalipira, azakhali ake anamunyengerera, mayi ake analira. Onse atatopa, iye anatembenukira kwa ine.

"AMwale, za apusi bambo akhululuka, inenso ndikanakhululuka. Mukanatenga mfuti yolira ija, ndikanaimva tsiku loyamba. Ndikanalira, tikanakangana, mwina tikanabwera kuno limodzi kudzapepesa. Koma inu munakhala pansi, mfuti ziwiri zili patsogolo panu, n'kuganiza za ine, n'kusankha yoti ndisamve. Miyezi itatu ndinkadya mbalame zanu ndikukuthokozani. Ndikabwerera, ndizidziwa bwanji tsiku limene mukunena zoona?"

Ndinabwerera ku pulazi wopanda mkazi ndi mwana. Amene anamuuza za mfuti ziwirizo sindinamufufuze, mwina anali kuki wa kunyumba ya azungu amene anaona zonse ali pawindo. Zilibe kanthu, sananame.

Ndinapitakonso kawiri chaka chomwecho, mbuzi ndinapereka, mowa anafulula, koma Sekai sanasinthe. Mwa mwambo wawo mwana anali wanga popeza ndinalowola, ndipo apongozi anati akasiya kuyamwa ndikhoza kudzamutenga. Sindinapite. Ndikanamulera ndi yani m'komboni, ndipo ndikanayamba bwanji kumulanda mayi amene ndinali nditamulanda kale zambiri? Umu ndi mmene ndinkadziuzira. Mwina analinso mantha omwe aja, sindikudziwa. Patapita zaka ziwiri ndinamva kuti Sekai wakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Mutoko, ndipo mwana wapita naye.

Pa pulazi ndinakhalabe m'munda uja mpaka Chitaganya chinatha, chipinda cha njerwa chili changa ndekha. Mvula itabwerera apusi anasiya okha kutsika, ndipo Kapaipi anandiyamikira pamaso pa antchito onse kuti ndine wam'munda wabwino kuposa onse amene anakhalapo naye. Mayi anu ndinakumana nawo pambuyo pake ku Guruve, ndipo ndinawauza nkhani yonseyi tisanakwatirane, chifukwa ndinali nditaphunzira mochedwa. Anandipempha kuti inu ndidzakuuzeni mukadzakula. Munakula, ine n'kumazengereza, mpaka iwo anatisiya.

Choncho muli ndi mkulu wanu. Dzina lake ndi Tichaona, ndipo amadziwika ndi dzina la bambo amene anamulera. Ngati ali moyo, tsopano ndi wa imvi. Chichokereni ali khanda ndinamuona kamodzi kokha, pamalo okwerera basi ku Murewa, ali bambo wa ndevu, atagwira kamtsikana padzanja. Mayi wina wa kwawo kwa Sekai amene ankandidziwa ndi amene anandilozera. Ndinapita n'kuima pafupi naye pamzere. Anatembenuka, n'kundipatsa moni waulemu umene munthu amapatsa mkulu aliyense wosamudziwa, n'kundifunsa ngati basi ya ku Mutoko yadutsa kale. Ndinamuyankha kuti sinadutse. Tinaima limodzi mpaka inabwera, iye n'kukwera.